Atate Anangomva Mkokomo wa Kundalila

Okondedwa akulu anga a Petulo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwathu ku Railways, m'tauni ya Kabwe, tili moyo, koma maso a atate akufookerafookera.

Loweruka lapitali ndinachita hayala minibasi kuti atate akaone mathithi a Kundalila pamene mvula yawadzaza, maso asanatsekeretu. Azakhali ndi anzawo a kwaya anapempha kukwera nawo, ndipo ine ndinachita manyazi kuwakaniza. Tinanyamuka 5 koloko m'mawa. Titangopitirira Kapiri, azakhali anaona bowa m'mbali mwa msewu. "Dalaiva, imani! Bowa wotere ku Kabwe simungaupeze!" Tinaima pa bowa, tinaima pa chimanga chachiwisi, tinaimanso pa nkhuku, ndipo paliponse ankanenerera mtengo osafulumira.

Tinafika dzuwa litalowa, mlonda atatseka kale. Atate anagwira geti n'kumamvetsera mkokomo wa madzi. Anangoti, "Akumveka ambiri, mwana wanga." Mtima ukundiwawabe.

Chonde bwerani ndi galimoto yanu pa Pasaka, madzi asanachepe. Azakhali musawauze.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Filipo