Akavalo a Yamikani

Lachinayi, mwezi wa Julaye.

Kunacha ndi kamphepo kozizira, malole akulira kulowera ku boda. Ndinapita ku sukulu mtima uli kuwawa.

Sabata yonse a m'kalasi mwathu akhala akunditcha mbava. Mnzanga Yamikani anauza aliyense kuti ndinamuonera pasiwedi ku kafe ya intaneti n'kumubera akavalo mu gemu yathu ya nkhondo ija, poti ndimaima chete kumbuyo kwake podikira kompyuta.

Lero titaweruka ndinapita ku kafeko. Pa tsamba loyamba la gemu panali uthenga wa eni ake. Akuti atasintha pulogalamu Loweruka, akavalo a anthu ambiri anafufutika. Avomera kuti olakwa ndi iwo, apepesa, ndipo abweza onse. Ndinaukopera wonse m'kope la Jogalafe.

Yamikani anali pomwepo, akavalo ake atabwerera.

"Aise, abwera," anatero, maso ali pa kompyuta. "Tiye tikaukire limodzi mudzi wa anyamata a ku Chipata aja."

"Uyambe wanena m'kalasi kuti unandinamizira."

"Iwenso nawe, zinatha izo."

Sizinathe ayi. Anthu osadziwa n'komwe kumene kuli Mchinji alemba kuti alakwa, dziko lonse likuona. Iye amene timakhala naye desiki imodzi pakamwa pamulemera kupepesa. Mawa ndiwerenga uthengawu pamaso pa Fomu 3 yonse aphunzitsi asanalowe, kaya andiseke, kaya...

Bambo abwera kuchokera ku esiteti akukankha njinga. Nkhani yoti ndine mbava inawapeza pa msika wa Kamwendo. Ndawawerengera uthengawo asanavule nsapato.