Pampando wa Mayi Ndiyeno

Lachinayi, 12 Seputembala

Okondedwa Achimwene,

Uthenga wa imfa ya bambo unandipeza nditakhala pampando wa alangizi athu a kusukulu. Sindinakuuzeni zimenezi pa masiku anayi amene munali kuno, chifukwa anthu anali thithithi mpaka pakhomo, ndipo inu munali ndi zambiri zothamangira. Pafoninso sindingathe. Mukaimba, amayi amakhala ali pomwepo, ndiye ndimangoti tili bwino, inu n'kuti chabwino, basi foni yatha. N'chifukwa chake ndasankha pepala.

Alangiziwa simukuwadziwa, anabwera pasukulupo inu mutachoka kale. Saphunzitsa m'kalasi. Amakhala m'kachipinda kakumapeto kwa khonde, ndipo ntchito yawo ndi kutithandiza kuganizira za kutsogolo, za koleji, za ntchito, za mafomu. Ana tonse timawatcha Mayi Ndiyeno, chifukwa chilichonse ungawauze yankho lawo ndi lomwelo. "Masamu andikanika." "Ndiyeno?" "Kwathu palibe anapondako ku koleji." "Ndiyeno?" Eniake akulidziwa dzinalo, ndipo ukawaitana nalo amatembenuka.

Ali ndi kachitidwe kawokawo. Ukalowa ndi vuto, amadzuka pampando wawo wozungulira n'kukukhazika iweyo, iwo n'kukakhala pabenchi ya ana. Akatero amasanduka iwe. Amanena vuto lako ndi mawu ako omwe, mpaka kagwetsedwe ka mapewa ako, ndipo iwe uyenera kuwalangiza. Amati munthu amadziumira mtima yekha, koma ukamuikira mnzake patsogolo, chifundo ndi nzeru zimatulukira limodzi. Ine anandikhazika pamenepo kwa zaka zinayi, kuyambira pamene ndinkalephera kukweza mkono m'kalasi ngakhale yankho ndikulidziwa.

Tsiku limenelo tinkakonzekera mafunso apakamwa a ku koleji. Iwo anali pabenchi akuluma chikhadabo monga ndimachitira ine, akuti, "Madamu, ine ndikaona anthu ovala mataye mawu amandithawa." Ndinali nditangoyamba kuwadzudzula, uku ndikuseka, pamene mlembi wa ahedi anagogoda. Anayang'ana pampando, n'kuyang'ana pabenchi, kenako anawerama n'kunong'oneza alangizi kuti a kosindikizira mabuku aimba foni, bambo agwa pafupi ndi makina odulira mapepala ndipo sanadzukenso. Kachipindako n'kakang'ono, achimwene. Ndinamva zonse. Ndinangogwira m'mbali mwa mpandowo kuti usazungulire.

Tsopano za pakhomo pano. Amayi ali monga munawasiyira, mbali yakumanja sikugwirabe, ndipo mawu awo ndi omwe aja atatu: "iwe", "basi", ndi dzina la bambo. Zimene sitinkadziwa ine ndi inu n'zakuti bambo ankagwira ntchito yochuluka bwanji m'zaka ziwiri zimenezi. Ankawasambitsa asanapite kuntchito, masana ankathamanga kudzawatembenuza, madzulo n'kuwatikita miyendo uku akuwauza miseche ya kuntchito. Ife tinkangoona amayi oyera, tsitsi lopesa. Panopa zonsezo ndaziphunzira. Ndikudziwa popinda pilo kuti chiuno chisachite zilonda, ndikudziwa kuti mankhwala oyera amawalavula ngati sunawaphwanye. Chimene chandikanika ndi masitepe. Mukukumbuka mmene bambo ankawaberekera Lamlungu lililonse kutsika nawo kuti akaothere dzuwa pabwalo. Masitepewo ndi khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinayesa kamodzi, tinathera pa lachitatu. Chichokereni inu, amayi sanapondeko pansi, ndipo ine sindipita kutali kuposa kugolosale ya pakona, kumene ndimagula uku ndikuyang'ana zenera lathu.

Azakhali anabwera kamodzi. Anakhala pampando wa bambo, anamwa tiyi, n'kuuza amayi kuti, "Mulungu anadziwa pokupatsani mwana wamkazi." Atatero anaona kuti kunja kukuchita mitambo, ndiye anathamangira basi. Amayi a nyumba ya pansi ndi abwino, amatitumizira ndiwo, koma msana wawo mukuudziwa. Amati akakwera kuno kamodzi, mawa lake ofunika kuberekedwa akhala awiri.

Achimwene, ndili ndi zinthu ziwiri zimene ndinakubisirani, ndipo mundikhululukire.

Choyamba. Tsiku lachitatu muli kuno ndinakuuzani kuti ndikukatenga katundu wa bambo kuntchito kwawo. Ndinakatengadi, kapu yawo ndi magalasi ndi ovolosi. Koma ndinayamba ndapita kukayankha mafunso aja. Ine ndinali nditasiya kale maganizo amenewo. Mayi Ndiyeno ndiwo ananditumizira uthenga kuti akandidikira pokwerera basi, kaya ndibwera kaya sindibwera. Ndinawapeza atanyamula jekete lawo kuti ndivale, ndipo linandifika m'maondo. Anandipinda manja ake n'kunena kuti, "Ukalira, lira, koma umalize chiganizo." Anthu a mataye aja anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira kuphunzira kuyeza malo ndi kujambula mapu. Ndinawauza zoona, kuti bambo anga ankabweretsa kunyumba mabuku olakwika posindikiza, amene akanatayidwa, ena masamba ozondoka, ena opanda mathero, ndipo ine ndinawadya onsewo mpaka anandipatsa dzina lakuti Njenjete. Ndinati limodzi mwa mabukuwo linali la mapu, theka la masamba ake linatuluka loyera, ndipo kuyambira ndili wamng'ono ndakhala ndikufuna kudziwa zimene zinayenera kukhala pamenepo. Ndinalira, koma chiganizo ndinamaliza.

Chachiwiri. Masabata atatu apitawo kalata inabwera. Anditenga, ndipo andipatsa ndi malo ogona omwe. Muli fomu yoti ndisaine n'kubweza pasanafike pa 30 mwezi uno. Ndikapanda kutero, malowo apatsa wina. Ndinaiwerenga nditaima pamasitepe, n'kuiika pakati pa buku, osauza munthu.

Koma ku koleji amatumizanso mndandanda kusukulu. Lolemba lapitali ndinamva munthu akukwera masitepe pang'onopang'ono, akupuma pa lililonse. Anali Mayi Ndiyeno, thukuta lili kamukamu, nsapato zili m'manja. Anapereka moni kwa amayi mwaulemu, atagwada pambali pa bedi, ndipo amayi anawayankha kuti "basi", alangizi n'kuti, "Zoona, mayi, basi." Kenako tinakoka katani n'kubwera pabalaza.

"Wasaina?"

"Ayi."

"Mpando wanga sindinabwere nawo. Khala apo."

Analoza mpando wa bambo. Ndinali ndisanakhalepo chimwalirireni iwo. Ndinakhala m'mphepete mwake, alangizi n'kutembenuza ndowa yochapira n'kukhalapo, chikhadabo kukamwa.

"Madamu," anatero, "anditenga ku koleji koma sindipita."

Sindinafune masewerawo, koma zaka zinayi ndi zambiri, pakamwa panangoyankha pokha. "Chifukwa?"

"Bambo anamwalira. Amayi sangakhale okha ngakhale theka la tsiku."

"Ulibe abale?"

"Ndili ndi achimwene. Ali kutali, ali ndi mkazi ndi khanda, nyumba yawo ndi yaing'ono, ntchito anaipeza movutikira."

"Unawafunsa?"

"Ayi, madamu. Ndikuwamvera chisoni."

Apa m'pamene ndinadzidabwa ndekha. Ndinamva mawu anga akukwera. Ndinati, "Ukunama iwe. Si chisoni chimenecho. Ukuopa kuti ukawafunsa akana, ndipo akakana udzawada, ndiye udzakhala wopanda bambo, wopanda koleji, wopandanso mchimwene. Bola osafunsa, uzingoti tili bwino."

Alangizi anachotsa chala kukamwa. Mawu awo aja akuti "Ndiyeno?" sanawanene, ndipo kanali koyamba.

Tonse awiri tinaiwala chinthu chimodzi. Kusukulu kachipinda kawo kali ndi chitseko, kuno kuli katani. Amayi pakamwa ndi pomwe panafa, makutu ndi amoyo. Madzulo amenewo anakana kudya, anatembenuzira nkhope kukhoma. M'mawa mwake ndinatsika kukataya zinyalala, mphindi zisanu zokha, ndipo pobwera ndinawapeza ali pansi pakati pa bedi ndi katani. Anali atadzikoka okha kufuna kukafika kuchimbudzi. Musadandaule, sanathyoke, angotupa pachigongono ndi pachipumi, ndipo adokotala a pachipatala chaching'ono chija anabwera kudzawaona. Koma mukanaona nkhope yawo pamene ndinkawadzutsa. Ankandikankha ndi dzanja lamoyo lija, akuloza chitseko, akuti, "Iwe, basi. Iwe, basi." Ankafuna kundionetsa kuti angathe okha kuti ine ndipite. Zimene anandionetsa ndi zakuti sindingatsike ngakhale kukataya zinyalala.

Mayi Ndiyeno atamva anabweranso dzulo. Ulendo uno sanakhale pandowa, anaima pakhomo. Anati aimbira foni ku koleji kawiri kupempha kuti andisungire malo mpaka chaka chamawa, ndipo awayankha kuti sizitheka, ndidzayambirenso kufunsira pamodzi ndi ena onse. Anafunsanso za malo osamalirako odwala ngati amayi, koma mndandanda wa odikira ndi wautali kuposa chaka. Kenako anati, "Mwanawe, zaka zinayi ndakhala ndikukuuza kuti ungathe, ndipo sindikubweza, ungathedi. Koma sindinabwereko n'kamodzi komwe kudzaona kumene umachokera m'mawa. Kugwa kwa mayi ako ndi mlandu wanga." Ndinawauza kuti si choncho. Anati, "Usandilangize, lero sindili pabenchi." Anandisiyira envelopu yomata kale sitampa, iyi mwalandirayi, n'kutsika.

Nthawi zina ndimawakwiyira, ndisakubisireni. Akanandisiya mmene ndinalili, wosakweza mkono, bwenzi pano ndikusambitsa amayi ndi mtima umodzi. M'mabuku ambiri amene ndawerenga, munthu akangodzikhulupirira zitseko zimatseguka. Sindinapezemo za munthu amene wadzikhulupirira bwinobwino koma ali m'chipinda cham'mwamba ndi mayi ake amene sangathe kuwanyamula. Komabe mkwiyowo sukhalitsa. Iwo anachita ntchito yawo, ndipo zimene anaika mwa ine sizikuchoka, ngakhale ndizikankhe bwanji.

Ndiye ndikufunsa, achimwene. Kodi mungawatenge amayi kuti akakhale nanu miyezi imene koleji ili yotsegula? Pa tchuthi chilichonse ndizibwera kudzawasamala ndekha, usana wonse, kuti inu ndi alamu mupume. Ndidzakulemberani zonse, za pilo, za mankhwala, za mmene amafunira madzi osamba. Kapena ngati pali njira ina imene inu mukuiona ine sindikuiona, ndiuzeni. Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chachikulu, ndiponso kuti katundu weniweni adzagwera alamu, amene ali kale ndi mwana kumsana. Muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe pena. Iwonso ali ndi ufulu wokana.

Mukakana, kanani poyera. Musandiuze kuti tiona, chifukwa tiona adzandisunga pazenera mpaka pa 30. Zija ndinanena pampando wa bambo, zakuti ndidzakudani, ndaziganizira masiku atatu. Sindikudziwa ngati zili zoona. Ndikulonjeza kuti ndidzayesetsa kuti zisakhale zoona. Ndinu nokha amene mukukumbuka pamodzi nane mawu a amayi a kale, asanadwale, ndipo sindingathe kutaya munthu woteroyo.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu imene anatumiza ija ndi imene amayi amafunda masana. Mumupsompsone mwana m'malo mwanga. Amayi sanamuonebe, koma chithunzi chake ndinachimata pakhoma pamene amayang'ana akagonera kumanzere, ndipo ndikachedwa kuwatembenuzira mbali imeneyo amagogoda bedi ndi supuni. Ndawauza kuti ndikukulemberani. Anatseka maso, sindikudziwa ngati kumeneko ndi kuvomera.

M'nyumba muno tatsala awiri. Fomu sindinasaine, ndipo kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Njenjete