Mawu Amenewa Anawamva kwa Ndani?

Lolemba, 6 Januwale
Mutu waching'alang'ala. Madiresi awiri osatha kusoka. Ndafunsa bambo a mwana ngati Loweruka tikaone amayi, ati "iffy." Akuti n'Chingerezi cha achinyamata, kutanthauza kuti sizikudziwika, mwina inde mwina ayi. Makaniko wanga yemweyu, woti fomu yakuchipatala ndimamulembera ndine! Ndinaseka. Kenako kuseka kunatha. Anawamva kwa ndani?

Lachitatu, 8 Januwale
Kawirinso lero, tili awiri kuchipinda. Mvula iffy. Injini ya kasitomala iffy. Ponena amapinda kamlomo, phewa limodzi m'mwamba. Amuna akugalaja sachita choncho. N'zachikazi zimenezo. Nsanje yandigwira, ndisaname.

Lachisanu, 10 Januwale
Ndinatseka shopu, ulendo kugalaja, ati ndataya makiyi anyumba. Bodza. Ndimafuna mtsikana wapadesiki uja, wa nsidze zojambula. Ola lathunthu pabenchi, khutu tcheru. Mafoni asanu anayankha. Zikamukayikitsa amangoti "kaya." Anandipatsanso madzi ozizira, mwana wa eni. Manyazi bwanji! Bambo sanalipo, anali atapita kunyumba kukadya nkhomaliro. Chiyambire Disembala amatero, akuti zogula pamsewu zinawakola.

Lachiwiri, 14 Januwale
Ndamuuza mng'ono wanga kuti ndikukayikira alamu ake. Mawu ajawo sindinatchule, angandiseke. Mwezi wachiwiri tsopano ali kwathu kuno, ntchito osaipeza ndi dipuloma yake yonse. Anandiluka tsitsi, ati ndisamaganize kwambiri, ndingadwale. Iye ndi alamu akewo ndi moni basi, sayang'anana n'komwe. Bola ndili ndi wanga wondimvera chisoni.

Lamlungu, 19 Januwale
Kwa amayi sitinapite. Sabata ziwiri.
Masana tikutsuka mbale, ndinamufunsa mng'ono wanga za intavyu ya Lachisanu, ngati amutenga.
"Iffy, achemwali."
Kamlomo kupinda. Phewa limodzi m'mwamba. Ndendende.
Anaona nkhope yanga, n'kuyamba kupukuta mbale youma kale. Ndinangomuyang'ana. Mwana woti ndinamubereka kumsana, kumusokera yunifolomu yake yoyamba.
Panopa ali kuchipinda kwake, chitseko chotseka. Bambo ali panja, akutsuka njinga yomwe anatsuka dzulo.
Mawa shopu nditsegula ngati kale. Ikamakwana thwelofu nditseka, ulendo kunyumba.