Ndime Yachitatu pa Masipika a Atate

Kabwata, Lusaka
14 Ogasiti 2024

Okondedwa ba Oswell,

Ndikhulupirira kuzizira kwa ku Joni kwayamba kutha. Kuno ndi fumbi lokhalokha. Mwambo wovundukula chiliza cha atate unayenda bwino, koma za amplifaya munatumiza ija ndikuuzeni ndekha musanazimve kwa ena.

Amayi ankafuna chinthu chimodzi tsikulo: kumva kaseti ya kwaya, ija atate amaimbamo okha ndime yachitatu, pa masipika a atatewo akale amatabwa. Nditayesa Lachisanu zinamveka bwino moti ndinathawira panja kukapukuta misozi. Amayi anakana kumvetsera, ati adikira tsiku lake.

Loweruka titabwera kumanda, amalume ba Chibwe anati anthu a mutenti asamanidwe. Mukuwadziwa, kwa iwo chinthu chikapanda kumveka mpaka kutali ku Chelstone ndiye kuti sichinalire. Anabwereka masipika anayi akutchalitchi, n'kupotera mawaya ake pamodzi ndi a atate aja, n'kukweza mawu mpaka kumapeto. Ndinaona, koma ndani angatsutse amalume pamaso pa alendo? Ndime yoyamba inatha mokanda m'makutu. Yachiwiri isanathe tinamva fungo la chopserera, kenako zii.

Ba Mpundu, okonza mawailesi m'tauni, akuti amplifaya yanuyo ndi yokoka masipika awiri basi, ife tinaisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Ikalemedwa choncho imatulutsa mawu ophwanyika, ndipo ndi amenewo anawotcha timasipika tating'ono ta mawu apamwamba ta m'masipika a atate aja. Amplifayayo aikonza. Koma timasipika ta mtundu wakalewo sitipezekanso, ndipo timene aikamo sitikugwirizana ndi akuluwo.

Dzulo masana amayi anandiuza kuti ndiyatse. Anamvetsera mpaka nyimbo inatha, kenako anati, “Ndi iwo ndithu, koma akuimbira kuseri kwa chitseko.” Zandipweteka, achimwene, sindikubisirani.

Ana akupereka moni. Amalume nawonso akupereka, ngakhale masiku ano sayang'ana munthu kumaso. Amayi ndinawauza kuti mwina mungatumize masipika atsopano oyenerana ndi amplifayayo, koma akana. Akuti mubwere pa Khirisimasi, mudzaimirire pabalaza n'kuwaimbira ndime ija nokha, chifukwa mawu amenewo atsala mwa inu basi.

Ine mlongo wanu wokusowani,
Thandizo