Ndasiya mchere, apongozi akuti ndili ndi chibwenzi

Aphungu,

Ndili ndi zaka 24, pabanja ndatha chaka chimodzi. Kuphika sindinkakudziwa kwenikweni. Ndimagwira ntchito mu telefoni byuro, ndiye chakudya chathu chinali tchipisi cha pachiwaya ndi soseji. Mu Juni amuna anga, a Malizani, anagwa kuntchito. Adokotala anati ndi BP, achepetse mchere ndi mafuta.

Ndinayamba kuphunzira ngati mwana. Mpiru ndapserezapo, nyemba ndaphulapo zosapsa, koma sindinagwe ulesi. Mchere ndinasiyiratu.

Kenako kunabwera apongozi kuchokera ku Dedza. Atalawa ndiwo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mkazi akamaopa kuthira mchere ndiye kuti wagona ndi wina, akuopa kumudula mwamuna wake. Taonani mmene waondera mwana wanga." Pano nkhaniyi yafika kumpopi, azimayi akandiona amatsinana.

Chondiwawa n'chakuti a Malizani, amene anadzimvera okha mawu a dokotala, anangoti zii. Analandira mchere m'manja mwa mayi awo n'kuwaza m'mbale. Ankhoswe aitanidwa Loweruka. Zala zanga zili ndi zipsera chifukwa cha munthu ameneyu. Ndingomuthirira mcherewo, afe akukondwa?

T. K., Kawale

Mwana wanga,

Mkwiyo wako ndi womveka, koma usaphike nawo. Nawenso unapyola muyeso pa mcherewo: dokotala anati achepetse, sanati asiyiretu. Theka la kasupuni ka tiyi likwanira mphika wonse. Uthire ndi dzanja lako apongozi akuona, bodza la mdulolo lisowe pogwira.

Kukoma ukupeze mu tomato, anyezi, nsinjiro ndi mandimu. Nyemba uziyamba waziviika m'madzi. Mpiru uziphula usanafiire. Nsomba uziotcha, usamazisambitse m'mafuta. Kupsereza usachite nako manyazi, tonsefe tinayambira pomwepo.

Loweruka utenge kabuku ka kuchipatala ka amuna ako. Usalire, usatukwane. Uwapatse amuna akowo m'manja, awerenge okha mokweza, ankhoswe ndi mayi awo akumva. Abambo ambiri amabisa matenda kwa makolo poopa kuoneka ofooka, ndipo ndikuganiza kuti n'zimene zawatseka pakamwa.

Koma chenjera. Akakhalanso chete, usadzinamize kuti mdani wako ndi apongozi. Mwamuna wolola kuti mkazi wake atchedwe wachigololo chifukwa iye akuopa kunena kuti akudwala, umufunse ankhoswe ali pomwepo ngati banjali akulifunadi.