Makoswe m'galimoto yanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ntaja tili bwino, kupatula maso a amayi ndi chikumbumtima changa.

Lachiwiri ndimati ndiwaperekeze amayi kuchipatala ku Liwonde pa galimoto yanu ija. Nditapotokola kiyi, injini inkangozungulira koma osalira. Batire inali ndi moto, petulo analimo. Ndinasintha fyuzi, ndinapukuta mapulagi, mpaka ndinainyoza pamaso pa amayi kuti ndi chiphakasa.

A Jafali amakaniko atabwera, anaona kuti moto sukufika ku mapulagi. Potsata waya wa ku koyilo anaupeza wodyedwa, gaga ali mbwee pambali pake.

"Aphunzitsi," anatero, "makoswewa mumaweta a ndiwo?"

Achimwene, munandiletsa kusandutsa galimotoyo nkhokwe. Ine ndi sukulu yanga yonseyi ndinasungamo chimanga chiyambire kukolola, poopa akuba. Amayi anakwera minibasi, n'kufika adokotala a maso ataweruka. Sanandikalipire, ndipo chimenecho ndicho chikundiwawa.

Waya talumikiza, chimanga ndatulutsa. Mundikhululukire, ndipo muwaimbire amayi, mwina kudzera mwa inu andikalipirako. Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Twaibu