Mapepala Amene Ndinakulungira Nshawa

YOTAMU SAKALA
Anatisiya pa 9 Ogasiti 1996, ku Kafue Estates

Atate a Titus, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Woyankhula ndine mkazi wanu Nelly, akundilembera ndi mdzukulu wanu Winfrida.

Atakuchotsani ntchito ku fakitale, anzanu anathawira ku mowa. Inu munagula makope asanu n'kuyamba kuyendera nkhalamba za kwathu ku Katete zimene zinakalambira kuno ndi ku Shimabala. Munkafunsa mayina a makolo, mifunda yawo, midzi imene anachokera, ngakhale nyimbo za pamtondo. Ndinkakuchenjezani kuti munthu wolemba mayina a akufa adzamuyesa mfiti. Inu kuseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti inuyo mwayamba sukulu imvi zili mbuu.

Pali chimene ndiyenera kuulula. Mutapita, njala inalowa m'nyumba. Ndinayamba kugulitsa nshawa zokazinga pa siteshoni, mapepala okulungira ndikutenga m'katoni yanu ija. Makope anu anali momwemo pamodzi ndi zakale za ku ntchito, ndipo kwa ine wosapita kusukulu zolemba zonse n'zofanana. Winfrida potsika minibasi kuchokera ku koleji anaona pepala lokhala ndi dzina la amayi anu m'manja mwa kondakitala, lili mchere wokhawokha. Apo n'kuti makope atatu atatha.

Awiri otsalawo ndawamanga m'chitenje. Aphunzitsi ake a Winfrida ku Lusaka akuwafuna, akuti n'za kafukufuku. Ndakana. Masiku ano chilichonse chikugulitsidwa, akapita nawo adzabweza ndani? Ndamuuza Winfrida kuti akopere pompano ine ndikuona, kutali ndi mbaula, kutali ndi madzi, ana asayandikire. Iye amawerenga mokweza, ine n'kuwonjezera zimene ndikukumbukira. Koma nkhalamba zanu zija zonse zinakutsatirani, ndipo mudzi umene anabadwira agogo anu aakazi palibenso woudziwa. Titus ana ake akamufunsa, amangoyang'ana pansi. Alongo anu a Prudence sandipatsanso moni, ndipo sindiwadandaula. Ndimaopa kuti nanenso ndidzagona tisanamalize.

Ndikhululukireni, atate a Titus. Ndi maso ofookawa ndaphunzira kuzindikira dzina lanu papepala, lokhalo basi, kuti ndisadzaling'ambe.

Ife otsala, pomwe tikupuma, sitidzakuiwalani.